Petulo pa K3,499 mu 2025: Mpamba Usathere m'Matola ndi Mumphika

Pa 1 Okutobala 2025, lita imodzi ya petulo idayamba kugulitsidwa K3,499 kuchoka pa K2,530, pomwe dizilo adafika pa K3,500 kuchoka pa K2,734. Bungwe loona za mafuta ndi magetsi la MERA ndilo lidalengeza mitengoyi. Ndiye kuti petulo adakwera ndi K969 pa lita, dizilo ndi K766. Manambala awiriwa muwasunge pamtima chifukwa tiwagwiritsa ntchito.

Ambiri mwa inu amene mumagulitsa mumsika wa pa boma la Mzimba, pa Jenda, ku Embangweni, Edingeni kapena Manyamula mulibe galimoto ngakhale njinga yamoto, ndipo simudaimepo pamzere wa mafuta. Komabe mafutawo mumawalipira tsiku lililonse. Ali mu dengu la tomato, ali m'thumba la usipa wochokera kunyanja, ali mu belo ya kaunjika yochokera ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, alinso mu ufa umene mwagayitsa pa chigayo cha dizilo. Wa geni amalipira mafuta kawiri: koyamba pokapikula katundu, kachiwiri pogula zofunika pakhomo. Ndipo ndalama zonsezi zimachokera m'chitenje chimodzi.

Mtengo wakalewo udakhala pafupifupi zaka ziwiri, kuchokera mu Novembala 2023 pamene kwacha idagwa mphamvu ndi 44 peresenti. Koma tonse tikudziwa kuti nthawi zambiri mtengowo udali wa pa chikwangwani chabe. Pa mapampu mafuta ankasowa, ndipo a kabaza ambiri a m'madera a kumudzi ankagula a m'zigubu pa mtengo wokwera kwambiri. Mafuta onse a dziko lino amachita kuitanitsidwa kunja, kudzera ku madoko a Dar es Salaam, Beira ndi Nacala, ndipo amagulidwa ndi madola amene akusowa m'mabanki. Kumayambiriro kwa 2022 petulo adali pa K1,150. Mu Okutobala 2025 adafika katatu kuposa pamenepo. Amene akukonza bajeti yake poganiza kuti mtengo utsika posachedwa akudzinamiza. Ndondomeko ya MERA imalola kusintha mitengo pamene mtengo wofikitsira mafuta m'dziko muno wasintha ndi 5 peresenti kapena kuposera apo, choncho nkwanzeru kukonzekera kuti ukhoza kukweranso.

Tiyambe ndi mawu amene akumveka pa depoti iliyonse masiku ano, akuti mafuta akwera. Mawuwa ndi oona, koma akubisanso zambiri. Tiyerekeze kuti wa kabaza amathira malita atatu pa tsiku nkunyamula anthu maulendo 15. Kukwera kwa petulo kwamuonjezera K2,907 pa tsiku. Mukagawa ndi maulendo 15 aja mupeza kuti ulendo umodzi wakwera ndi ndalama yosafika K200. Tiyerekezenso Sienta imene imamwa malita 12 kuchoka pa boma kupita pa Jenda ndi kubwerera, itanyamula anthu asanu ndi mmodzi popita ndi enanso asanu ndi mmodzi pobwera. Mafuta aonjezera K11,628, zomwe zikutanthauza pafupifupi K1,000 pa munthu. Ndipo nonse mukudziwa kuti Sienta ya kuno siinyamuka ndi anthu asanu ndi mmodzi okha.

Sindikunena kuti madalaivala ndi a kabaza ndi akuba. Matayala, oilo ndi zipangizo nazo zakwera, mwini galimoto akufuna ndalama yake madzulo aliwonse, ndipo naonso ali ndi ana ofuna kudya. Koma ngati wina wakweza ulendo ndi K3,000 pamene mafuta aonjezera K1,000, muli ndi poyambira kunenerera. Wa geni amene amakwera galimoto yomweyo kawiri pa sabata ndi kasitomala wodalirika, ndipo kasitomala wodalirika salipira ngati mlendo. Gwirizanani mtengo wa pamwezi ndi wa kabaza mmodzi kapena dalaivala mmodzi, makamaka wa katundu. Iyenso amakonda kudziwa kuti Lachiwiri ndi Lachisanu ali ndi ndalama yotsimikizika kusiyana ndi kumangodikira pansi pa mtengo.

Vuto lalikulu limene ndimaliona ndikamacheza ndi ochita malonda ang'onoang'ono ndi loti ambiri amadziwa bwino mtengo umene apikulira katundu, koma sadziwa mtengo umene katunduyo wafikira pa benchi. Mukafunsa kuti dengu ili mwagula zingati, yankho limabwera msanga. Mukafunsa kuti lafika pano pa zingati, amayamba kuwerenga zala. Pakati pa mafunso awiriwa ndi pamene mpamba ukuthera.

Tiwerengere limodzi. Manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muike anu enieni. Mayi wogulitsa tomato pa boma akupita kukapikula pa Jenda, pomwe alimi a madera ozungulira amabweretsa tomato, anyezi, kabichi ndi mbatatesi m'mbali mwa msewu wa M1. Tinene kuti thiransipoti yake ndi K7,000 popita ndi K7,000 pobwera. Wagula madengu awiri, ndipo kondakitala walipiritsa K2,000 pa dengu. Onyamula wawapatsa K1,000, iye wadya za K2,000 chifukwa wachoka m'mamawa. Ulendo wonse wadya K21,000, kutanthauza K10,500 pa dengu lililonse, asanagulitse ngakhale tomato mmodzi. Ngati dengu limatulutsa milu 40, mulu uliwonse wasenza kale K262 ya ulendo. Apa sitinawerengere tikiti ya khonsolo, majumbo, tomato wophwanyika panjira, ndi tsiku lonse limene benchi lake lakhala lopanda munthu.

Tsopano tinene kuti amayi atatu a mzere umodzi agwirizana kuti azipita mosinthana, mmodzi nkubweretsa madengu asanu ndi limodzi. Thiransipoti ya munthu ikadali K14,000, katundu K12,000, onyamula K3,000, chakudya K2,000. Zonse pamodzi K31,000. Dengu lililonse lafika ndi ndalama ya ulendo yosapitirira K5,200, theka la poyamba paja. Mayi aliyense wapulumutsa ndalama yoposa K10,000 pa ulendo umodzi, ndipo ngati amapikula kawiri pa sabata, pakutha pa mwezi ndi ndalama yoposa K80,000. Awiri otsalawo agulitsanso tsiku lonse mmalo mokhala m'galimoto.

Pa pepala zimenezi nzosavuta. Pamsika zimavuta, ndipo chimene chimaphwasula magwirizano otere si masamu koma kukayikirana. Wopitayo amaganiziridwa kuti wadzisankhira dengu labwino, kapena kuti wagula motsika nkunena mtengo wokwera. Ndiye musadalire ubwenzi wokha. Musananyamuke, imbirani foni mlimi kapena wogulitsa amene mumapikulako, nonse mumve mtengo. Ngati nkotheka tumizani ndalama ya katundu mwachindunji kwa iyeyo pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, wopitayo anyamule ya ulendo yokha, zomwe zimachepetsanso mantha a kuberedwa panjira. Katundu akafika, amene adapita asankhe dengu pomaliza. Lamulo laling'ono limeneli limatseka pakamwa pa aliyense. Ndipo zonse zilembedwe mu kope limodzi, ngakhale mutakhala pachibale.

Kuchepetsa maulendo kuli ndi malire ake. M'nyengo yotentha, tomato wakupsa sachedwa kuola. Ngati mukufuna kupikula wambiri kuti muzipita kamodzi mmalo mwa kawiri, sakanizani wakupsa ndi wongoyamba kumene kufiira kuti azipsa motsatizana. Anyezi, mbatatesi, nyemba, usipa wouma, sopo, mchere ndi kaunjika zimapirira, choncho pa katundu wotere ulendo umodzi waukulu umaposa maulendo atatu ang'onoang'ono. Koma wa masamba ndi wa nsomba zaziwisi asatengere zimenezi. Iyeyo ayang'ane pafupi, kwa alimi a m'madimba oyandikana ndi msika wake, ngakhale mtengo wawo utakwererapo pang'ono. Kabichi wa K100 kuposa wa pa Jenda koma wobwera pa njinga yakapalasa ndi wotchipa.

Musabwerenso chimanjamanja kapena kupita chimanjamanja. Amene akuchokera ku Embangweni kapena ku Mabiri kupita pa boma kukaoda sopo ndi shuga angathe kunyamula nkhuku, nyemba kapena mtedza zokagulitsa kumeneko. Mpando wa m'galimoto mwalipira kale, phindu la katundu wopita nayeyo ndilo libweze ndalama ya ulendo.

Tsopano tilowe m'nyumba, chifukwa kumeneko ndiye kumene ma geni ambiri akufera. Zinthu zikakwera mtengo, ndalama ya ndiwo imene inkakwana dzana lero sikukwana, ndipo dzanja limangolowa mu ndalama za malonda. Lero K2,000 ya chigayo, mawa K1,500 ya kabaza wa mwana wodwala, mkuja K3,000 ya chipepeso pa maliro. Palibe tsiku limene mumaona kuti mwaononga. Mumangozindikira pa tsiku lokapikula kuti ndalama imene inkagula madengu awiri lero ikugula limodzi ndi theka. Ulendo uja wa K21,000 sutsika chifukwa choti mwagula zochepa, ndiye katundu wochepayo amasenza thiransipoti yonse, phindu nkucheperanso. Miyezi iwiri yotere, benchi latsekedwa.

Njira imene ndaiona ikuthandiza ndi yakale ndipo siifuna sukulu. Madzulo aliwonse gawani ndalama ya tsikulo patatu. Gawo loyamba ndi mpamba, ndalama yobwezeretsa katundu amene wagulitsidwa, ndipo muwerengere pa mtengo umene mukagulire mawa osati umene mudagulira dzulo. Gawo lachiwiri ndi la ulendo: ngati mulu uliwonse wasenza K262, ndalama imeneyo pa mulu uliwonse wogulitsidwa ipite pa yokha. Chotsala ndicho cha pakhomo. Chikachepa, chachepa, banja lidye molingana ndi chimenecho. Ena amasunga mpamba mu foni kuti usakhale pafupi ndi dzanja, ndipo nzabwino, bola mukumbukire kuti potapa pamakhala ndalama yodulidwa, choncho kutapa pang'onopang'ono kasanu kumadya zambiri kuposa kutapa kamodzi.

Katundu wodyedwa pakhomo nayenso alembedwe. Kuno ku Mzimba, kumene mkazi amakhala kwa mwamuna pakati pa apongozi ndi alamu, nkovuta kuti mkamwana akanize apongozi ake mulu wa tomato kapena kapu ya mafuta ophikira. Palibe akunena kuti muwakanize. Koma lembani mu kope, ndipo mtengo wake uchoke pa gawo la pakhomo osati pa mpamba. Pakutha pa mwezi mukhale pansi ndi bambo a m'nyumba, muwaonetse. Amuna ambiri amaganiza kuti geni ya mkazi ndi chitsime chosaphwa chifukwa sadaonepo manambala ake. Chimodzimodzinso abambo a ma hokala ndi a chiwaya: ndalama ya mayunitsi, ya mpira wa pa kanema ndi ya botolo la madzulo ichoke pa gawo lanu, isachoke mu kabati ya shopu.

Mukagawa chonchi, muyamba kuona pamene mafuta akubisala m'bajeti ya pakhomo. Poyamba ndi pa chigayo. Kumene magetsi a ESCOM sadafike, zigayo zimayendera dizilo, ndipo eni ake akweza kapena akweza posachedwa. Ngati chigayo chili kutali moti mumakwera kabaza, kugayitsa ndowa imodzi sabata iliyonse ndi kulipira maulendo anayi pamwezi. Gayitsani za mwezi wonse kamodzi, muuyanike bwino ufawo kuti usaonongeke. Mabanja oyandikana angathe kubwereka ngolo imodzi. Boma lino lili ndi mwayi umene maboma ena alibe: ng'ombe zilipo, ngolo zilipo, ndipo ng'ombe siimwa dizilo. Pa mtunda waufupi, kutuma ngolo kukatenga matumba a chimanga, makala kapena njerwa kumatchipa kusiyana ndi galimoto, kungoti muyenera kupangana ndi mwini wake dzulo lake.

Pachiwiri ndi maulendo a pa boma. Munthu wa ku Edingeni kapena ku Luwerezi amapita pa boma kuchipatala chachikulu, ku banki, ku maofesi a boma, kukagula mbewu, kukatenga ndalama imene wachibale watumiza kuchokera ku Joni. Chilichonse mwa izi chikakhala ndi tsiku lakelake, ndalama yotumizidwayo imafika pakhomo itadumuka kale. Pambali pa matenda, omwe sadikira, zina zonse zingathe kudikirana. Pachikani pepala kukhoma, aliyense m'banjamo azilembapo chimene akufuna pa boma, ndipo likadzaza apite munthu mmodzi. A ku Joni nawo muwauze zoona zake: kutumiza kamodzi pamwezi ndalama yochulukirapo kumathandiza kuposa kutumiza pang'ono sabata iliyonse ngati kokatengera kuli kokwera galimoto. Ndipo ndalama imeneyo ikafika, mugwirizane msanga kuti yanji ndi ya fizi, yanji ya feteleza, yanji ya geni, isanalowe mumphika.

Nanga mitengo yanu mukweze bwanji? Apa mpofunika kuwadziwa makasitomala anu. Pa boma ogula ambiri ndi aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi ogwira ntchito m'maofesi, anthu amene malipiro awo sakwera tsiku limene mafuta akwera. Kumidzi ogula ndi alimi, ndipo pofika mu Okutobala ndalama ya fodya, soya ndi chimanga imayamba kutha pamene ya feteleza ikufunika. Mukakweza kwambiri, wogula amangodutsa. Mukapanda kukweza, mukugulitsa mpamba wanu. Ambiri amathawira kochepetsa mulu mwakachetechete, kuchotsa tomato mmodzi mtengo nkukhala womwewo. Ogula si ana, amaona, ndipo amene waona kuti mwamuchenjerera sabweranso. Kuli bwino kukhala ndi milu ya mitundu iwiri, waukulu pa mtengo watsopano ndi waung'ono wa amene ali ndi ndalama yochepa, nkumuuza wogula chilungamo kuti thiransipoti yakwera ndi mwakuti. Onjezani chimene ulendo waonjezera, osati chimene mnzanu wa benchi loyandikana watchula. Komanso pikulani molingana ndi kalendala: katundu wambiri kumapeto kwa mwezi pamene malipiro atuluka, wochepa pakati pa mwezi pamene anthu akungofunsa mtengo nkumapita.

Ngongole za makasitomala zichepe. Ndalama imene ili kwa munthu wina mpaka pa 30 siikugulirani katundu, ndipo ikamabwera imapeza mtengo wopikulira utasuntha kale. Inunso musakongole kuti mulipirire ulendo. Ngati mwatenga K50,000 ku banki nkhonde pa chiwongoladzanja cha 20 pa 100 iliyonse pamwezi, mwadzionjezera K10,000 pa katundu yemwe phindu lake lachepa kale. Ngongole ya gulu ili ndi malo ake, monga kugula katundu wosaola wambiri pa ulendo umodzi. Za katapila ndiye tisanene nkomwe.

Kwa a kabaza, amene pa nkhaniyi ndinu ogula mafuta enieni, kope lija likufunikanso kwa inu. Lembani malita amene mwathira ndi ndalama imene mwapeza pa tsiku, kwa sabata imodzi yokha, muone maulendo amene akukudyerani. Kawirikawiri ndi aja opita kutali nkubwerera opanda munthu. Ulendo wotere utchulidwe mtengo wa kupita ndi kubwera, kapena mupangane ndi wokwerayo kuti mumudikire. Kuzungulirazungulira tauni kusaka makasitomala kumamwa mafuta kuposa kuima pa siteji. Matayala opanda mpweya wokwanira, tcheni cholendewera ndi katundu wopitirira muyeso zonse zimaonjezera petulo. Mafuta a m'zigubu a m'mbali mwa msewu, kupatula kudula, nthawi zina amakhala osakanizidwa ndi zina zomwe zimapha injini, ndipo ndalama yokonzetsera imaposa imene mumafuna kupulumutsa. Amene mukuganiza zoyamba geni yosunga petulo m'nyumba podikira kuti asowe kapena akwere, dziwani kuti kugulitsa mafuta popanda chilolezo cha MERA ndi mlandu, ndipo chigubu cha petulo m'nyumba imene mumaphikiramo pa mbaula ndi kugona ndi ana chingathe kutha banja lonse usiku umodzi.

Nthawi imene yatsala kuti mukonze zonsezi ndi yochepa. Mvula ikayamba kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, misewu yafumbi yopita ku Khosolo ndi midzi ya kutali ndi M1 imaterera, magalimoto ambiri amasiya kupitako, ndipo ochepa otsalawo ndi a kabaza amatchula mtengo umene afuna. Imeneyo ndi nthawi yomweyo imene aliyense akufuna kunyamula feteleza ndi mbewu, chimanga chikukwera mtengo, ndipo fizi ya teremu yachiwiri ikudikira mu Januwale. Katundu wolemera ndi wosaola, monga mchere, sopo, shuga, feteleza ndi malata, anyamulidwe mu Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala misewu ikadali youma. Ngati ndalama yanu siikwana kudzaza galimoto, funsani a ma hokala anzanu a pa malo anu amene akufunanso kuoda, mupangane tsiku, mutenge lole imodzi.